Nambala Yopanda Khomo

Aphunzitsi a masamu, amene ana ankawatcha kuti a Khomo, sankayenera kuwerenga pepala la mayeso lija. Lamulo linali lomveka bwino: woyang'anira mayeso amagawa mapepala, amayenda pakati pa madesiki, maso amaika pa manja a ana, osati pa mafunso. Koma munthu amene wapuma fumbi la choko mpaka imvi kumera, mungamuuze kuti nambala ili pamphuno pake asaiyang'ane? Ali mkati mogawa, pepala limodzi linawapulumuka n'kugwa chagada. Atawerama kuti alitole, maso awo anatera pa funso lachiwiri.

Funsolo linkati: "Phwanyani nambala iyi, 131,071, ndipo mulembe manambala onse osagawika amene mukawachulukitsa amapereka nambalayi."

Analiika pepalalo chafufumimba pa desiki ya mnyamata wina n'kumaliza mzere wawo. Nambala imeneyo ankaidziwa ngati mmene munthu amadziwira galu wolusa wa kwa aneba. Tengani 2, muchulukitse ndi 2, yankholo muchulukitsenso ndi 2, mpaka ma 2 akwane khumi ndi asanu ndi awiri, mufika pa 131,072. Imeneyo ndiye nambala imene wolemba funso ankafuna, palibe chokayikitsa. Mwana akanangoidula pakati, n'kudulanso pakati, n'kumangodula mpaka itatha, basi funso latheka. Koma amene anataipa pepalalo, kaya anali ndi njala, kaya foni inamulirira, chala chake chinatera pa batani loyandikana nalo. M'malo mwa 2 wakumapeto chinamenya 1. Ndipo 131,071 ndi nambala yosagawika. Imagawika ndi 1 komanso iyo yomwe, kwatha. Anawo anauzidwa kuti aphwanye chinthu chosaphwanyika.

Dzina loti Khomo silinali lobadwa nalo. Linachokera pakamwa pawo pomwe. Mwana akadandaula kuti nambala yamukanika, iwo ankagogoda bolodi ndi chala n'kunena kuti, "Khomo lilipo, gogoda. Ikakana pa 2 pita pa 3, ikakana pa 3 pita pa 5. Kuona maso a nkhono n'kudekha. M'kalasi mwanga funso silisiyidwa." Kwa ana ambiri mawuwo ankalowera khutu ili n'kutulukira linali. Mwana mmodzi yekha ndiye anawameza ndi mtima wonse.

Mwanayo anali mtsikana wowonda, wosayankhulayankhula, amene anzake ankamutcha Chiswe chifukwa akagwira funso ankalinyenya mwakachetechete mpaka litagwa. Tsiku limeneli anakhala pa desiki ya pafupi ndi zenera, mapensulo ake atasongoledwa bwino. Mayesowa anali olowera ku sukulu ya sayansi yogonera komweko, imene imatenga ana owerengeka, ndipo munthu amawalemba kamodzi kokha. Chaka chamawa msinkhu ukanakhala utapitirira. A Khomo ankadziwanso china: malume ake a mtsikanayu, eni sitolo ya zitsulo, anali atanena kale kuti sukuluyo ikakanika mwana abwere adzaime pa kauntala azigulitsa misomali ndi maloko. Sanali munthu woipa. Ankangoona kuti mwana wodziwa masamu chonchi akungowonongeka m'kalasi.

Kutsogolo kwa chipinda kunakhala amayi oyang'anira, ochokera ku ofesi ya mayeso, magalasi awo ali pa chingwe m'khosi. Ndiwo anabwera ndi envulopu yomata, ndiwonso akanabwerera nayo. Anayang'ana wotchi ya pakhoma n'kunena kuti, "Tembenuzani mapepala, yambani."

Mapepala anati phwapa phwapa, kenako chipinda chonse chinati zii. A Khomo anapita kutsogolo monyang'ama, n'kuwerama pafupi ndi khutu la amayi aja.

"Mayi, funso lachiwiri lili ndi vuto," ananong'ona.

"Mwaliwerenga?" anafunsa amayiwo, osatembenuza mutu.

"Pepala linagwa. Maso anangogwerapo."

"Vuto lanji?"

"Nambalayo siphwanyika. Alakwitsa potaipa. Mwana akhoza kuigawa mpaka dzuwa kulowa osapeza kanthu."

Amayiwo anavala magalasi, n'kuyang'ana pepala lotsala limene linali pa tebulo pawo. Masamu sanali ntchito yawo, ndipo sananamizire kuti akumva. "Ngati n'lolakwika, tilemba lipoti tikamaliza. Ochonga alichotsa. Palibe mwana amene alangidwe nalo."

"Nanga nthawi imene atayirepo?"

"Nthawi sitibweza, aphunzitsi."

"Bwanji mungowauza kuti alidumphe? Mawu awiri okha."

Apa ndi pamene amayiwo anawayang'ana. Maso awo sanali ankhanza, anali otopa. "Ine sananditume kudzasintha pepala. Ana a m'masukulu ena akulemba lomweli, ndipo palibe wowauza. Mukatsegula pakamwa, mukaloza, ngakhale kutsokomola mwachilendo, mapepala onse a chipinda chino afa. Ndinazionapo zimenezo, ndipo kulira kwa ana aja sindikufuna kukumvanso. Bwererani kuntchito."

A Khomo anabwerera kuntchito. Anatenga mulu wa mapepala oyeserera umene unali pa tebulo, n'kuukumbatira pachifuwa, n'kuyamba kuyenda m'mizere. Pepala la mafunso linali ndi malo olembapo pansi pa funso lililonse. Malo a funso akadzaza, mwana ankakweza dzanja kuti apatsidwe pepala loyeserera, chifukwa kulemba m'mphepete, pa desiki, kapena m'malo a funso lina kunali koletsedwa. Kupereka mapepala amenewo ndiyo inali mphamvu yokhayo imene a Khomo anali nayo m'chipindamo.

Ana aulesi, Mulungu awadalitse, anali atadzipulumutsa kale. Mnyamata wina wa kumbuyo, wodziwika ndi kugona m'kalasi, analiyang'ana funso lachiwiri, kukanda m'mutu, kuyesa 2, kuyesa 3, n'kutembenuza tsamba mtima uli mbee. Ena anafika pa 7 kapena pa 11 n'kulitaya. A Khomo, amene moyo wawo wonse anakhala akukalipira khalidwe limeneli, anaona aliyense wotembenuza tsamba ngati mwana wanzeru kwambiri.

Atafika pa zenera anachepetsa liwiro. Chiswe anali atamaliza funso loyamba ndipo anali pa lachiwiri, mutu uli pansi, timanambala take tating'onoting'ono tili ndandanda. Anagawa ndi 2, inatsala 1. Anagawa ndi 3, inatsala 1. Ndi 5, inatsalanso 1. Nambala yachipongwe, yosiya kamodzi ngati ikunena kuti watsala pang'ono. Pa 7 inatsala 3, pa 11 inatsala 6, pa 13 inatsala 5. Atafika pa 17 inatsalanso 1, ndipo mwanayo anaima, kuluma pensulo, n'kuyambiranso kugawa ndi 17 yemweyo poganiza kuti walakwitsa. Sanalakwitse. Anabwereza kachitatu.

A Khomo anadutsa. Ankadziwa kutalika kwa msewu umene mwanayo anayamba. Kuti munthu atsimikize ndi dzanja lake kuti nambala ngati imeneyi siphwanyika, ayenera kugogoda pa nambala yosagawika iliyonse mpaka pamene nambala yogawirayo ikadzichulukitsa yokha ipitirira nambala yaikuluyo. Pa 131,071 malire ake ndi 359. Makomo makumi asanu ndi awiri kudza awiri, lililonse kugawa kwa pamanja, popanda makina. Mayeso akanatha mwana asanafike n'komwe, ndipo mafunso ena onse, amene akanawayankha ali mtulo, akanapita kwa ochonga ali oyera.

Mwina atopa, anadziuza. Mwina akafika pa 29 kapena 31 nzeru zimubwerera. Koma nzeru zake za mwanayo zinali zomwe iwo anamupatsa. Kangati anamuimika kutsogolo kwa kalasi n'kuuza anzake kuti tengerani uyu, sathawa funso? Kangati anamubwezera pepala atalembapo ndi cholembera chofiira kuti "Wachita bwino, sunasiye"? Manambala onse amene ankapatsa ana awo ankawasankha okha, ndipo onse ankakhala ndi khomo. Sanaganizepo kuti tsiku lina wina adzawasankhira nambala yopanda.

Dzanja la Chiswe linakwera. Malo a funso lachiwiri anali atadzaza. Miyendo ya a Khomo inapita yokha, monga inazolowera, ndipo pepala linali kale pa desiki ya mwanayo mutu wawo usanaganize. Mtsikanayo anawayang'ana pang'ono n'kumwetulira, kumwetulira kwa munthu amene akuti musadandaule, ndilipeza. A Khomo anayang'ana kumbali. Anadzitukwana chamumtima mpaka kumapeto kwa mzere.

Wotchi ya pakhoma ija, imene masiku onse inkayenda ngati ikudwala, tsiku limeneli inapeza mphamvu. A Khomo akati ayende mzere umodzi n'kukweza maso, muvi unali utalumpha. Thukuta linatsika m'msana mpaka malaya kumata. Anayesa kuima pafupi ndi mwanayo nthawi yaitali, kuti mwina mthunzi wawo umuuza kanthu, koma amayi oyang'anira anakweza mutu, ndipo iwo anasuntha. Anaganiza zogwetsa mulu wa mapepala. Anaganiza zokomoka. Koma munthu akakomoka m'chipinda cha mayeso amangomunyamulira panja, ana n'kupitiriza kulemba.

Kenako kukayika kunawalowa. Kodi n'zoona nambalayi siphwanyika? Iwo anaiwerenga m'buku ali ku koleji, pa mndandanda wa manambala osagawika opangidwa pochotsa 1 pa ma 2 ochulukitsana. Sanaigawepo ndi dzanja lawo. Nanga ngati akusokoneza ndi ina? Manambala ena a mtundu womwewo amaphwanyika: 2,047 amaoneka wolimba, koma ndi 23 kuchulukitsa ndi 89. Nanga ngati khomo lili patsogolo pang'ono, mwana n'kulipeza? Anayesa kugawa m'mutu ndi 37, manambala anabalalika. Ayi. Ankakumbukira bwino tsamba lija. Nambalayi inali yotseka mbali zonse.

Podutsanso pa zenera anaona kuti Chiswe watembenuza pepala loyeserera lija ndipo watsala pang'ono kufika kumunsi kwa mbali yachiwiri. Anali atapitirira 80. Posachedwa dzanja likanakweranso. A Khomo anayang'ana mulu umene unali pachifuwa pawo, ndipo nzeru ina inawabwerera, nzeru yauchitsiru, koma inali yokhayo.

Anapita ku mzere wa kutali ndi zenera n'kuyamba kugawa. Anaika mapepala awiri pa desiki ya mnyamata wogona uja, amene anawayang'ana modabwa popeza ngakhale malo ake olembapo anali asanadzaze. Anaika atatu pa desiki yotsatira. Mtsikana wina anapukusa mutu kukana, iwo anamuikira basi. Ankayenda mwaulemu, nkhope ili bata, ngati mphunzitsi woganizira ana amene safuna kuti wina avutike kukweza dzanja. Mulu unaphwa. Pamene ankafika pa mzere wa pa zenera, pepala lomaliza analiika pa desiki yoyamba, manja awo n'kutsala opanda kanthu.

Dzanja la Chiswe linakwera.

A Khomo anatembenuka n'kuyamba kuyang'ana chithunzi cha mafupa a munthu chimene chinali pakhoma, ngati akuchiona koyamba.

"Aphunzitsi," anaitana amayi oyang'anira ndi mawu otsika. "Dzanja lili m'mwamba uko."

A Khomo anapita kutsogolo n'kuonetsa zikhatho. "Mapepala atha, mayi."

"Atha? Mulu wonse uja?"

"Ana akulemba kwambiri."

Amayiwo anayang'ana madesiki a kutali ndi zenera, pamene mapepala oyera anali mbwee pamaso pa ana amene sankawafuna. Kenako anawayang'ana a Khomo pamwamba pa magalasi. Pepala likafika pa desiki ya mwana silichotsedwa kupita kwa mwana wina, lamulo limenelo onse awiri ankalidziwa.

"Ku ofesi alipo ena?"

"Ayenera kukhalapo."

"Katengeni. Fulumirani."

Anatuluka. Chiyembekezo chawo chonse chinali pa kalaliki wa sukulu, munthu amene sanapezekepo ndi kiyi wa kabati pa nthawi imene akufunika. Masiku onse kiyi ankakhala ali kwa ahedi, kapena m'jekete limene latsala kunyumba, kapena "anali pompa". Koma tsoka sasimba, tsiku limeneli kalalikiyo anali atamangirira kiyi pa lamba.

"Lero ndakonzeka, aphunzitsi," anatero monyadira, akutsegula kabati. "Mayeso akuluakulu awa. Sindikufuna wina anene kuti ofesi yachedwetsa."

Anawapatsa mulu watsopano, n'kuwatsegulira chitseko, n'kuwauza kuti athamange. A Khomo anamuthokoza ndi mawu a munthu amene wapatsidwa mankhwala owawa. Panja anawerama kumanga chingwe cha nsapato chimene chinali chomanga kale. Anamwa madzi pa mpopi ngakhale ludzu analibe. Kenako m'malo modzera pakhonde anazungulira kuseri kwa nyumba, kumene kuli thanki ya madzi ndi mpanda wa waya.

"Aphunzitsi."

Anadzidzimuka. Kuseri kwa waya kunaima mayi ake a Chiswe, telala wa pa msewu wa kumsika, tepi yoyezera ikadali m'khosi ndi tiulusi titamatirira pa siketi. Anali atasiya makina ndi nsalu za anthu kuti adzangoima pafupi ndi khoma limene mwana wawo ankalemberamo.

"Pepani, ndikudziwa kuti sitiloledwa," anatero mayiwo. "Kunyumba sikukhalika, kuntchito ndasoka mkono wa malaya chozondoka. Zikuyenda m'katimo?"

"Akulemba, mayi."

"Sanachite mantha?"

"Ayi. Mantha alibe."

Mayiwo anapuma mpweya wautali. "Ndiye bwino. M'mawa ndimamupesa tsitsi manja anga akunjenjemera, iye n'kumandiseka. Akuti amayi musadandaule, aphunzitsi anatiuza kuti funso lililonse lili ndi khomo, ine sindisiya ngakhale limodzi. Achimwene anga aja akuti akonza kale kampando pa kauntala. Ine ndawauza kuti akhalepo okha." Anaseka pang'ono. "Inu ndi amene mwamulimbitsa mtima mwanayu. Mulungu akudalitseni."

A Khomo anangogwedeza mutu. Anachoka pa waya paja n'kukaima kuseri kwa thanki, pamene mazenera a chipinda cha mayeso ankaonekera. Mazenerawo anali m'mwamba, munthu wa panja sankaona madesiki kapena nkhope. Ankaona zokhazo zimene zapitirira mitu.

Dzanja linali likadali m'mwamba.

Mtima wawo unagwa. Iwo ankaganiza kuti mwana akasowa pepala atembenuza tsamba. Sanaganize kuti adikira. Anali atakhala pamenepo nthawi yonseyi, osagawa, osayankha funso lina, mkono uli njo, kudikira aphunzitsi ake amene sanamugwiritsepo mwala. Tsopano nthawi inali kutayika kuposa poyamba, ndipo woitaya anali iwo.

Alowe? Akalowa ndi mapepala, ayenera kumupatsa, ndipo mwana abwerera ku nambala ija mpaka mapeto. Akapanda kulowa, mwina adikirabe mpaka mapeto omwewo. Anagwira njakata. Mulu wa mapepala unayamba kunyowa m'mphepete ndi thukuta la m'manja. Ankaopa, ndipo mantha ake anali oposa onse amene anawamvapo pa ntchito imeneyi, chifukwa sankadziwa ngati akumupulumutsa mwanayo kapena akumumaliza.

Mkono uja unayamba kupendekeka. Dzanja lina linabwera n'kuugwira pa chigongono kuuchirikiza. A Khomo analuma mlomo. Tsitsa, mwana wanga, ankanena chamumtima. Ndikwiyire, undide, koma tsitsa. Kumbuyo kwawo ankamva mayi aja akuyendayenda m'mbali mwa waya. Mkono unagwedera, unawongokanso, unakhala choncho kanthawi kamene kwa iwo kanali ngati chaka. Kenako unatsika pang'onopang'ono n'kusowa pansi pa zenera.

Chimene chinkachitika pansi pa zeneralo sankachiona. Mwina watembenuza tsamba. Mwina waika mutu pa desiki akulira. Mwina wayamba kufufuta zimene analemba kale kuti apeze malo ogawira, poti mwana ameneyu zimenezo akanatha. Anaimabe pamenepo mpaka anamva chitseko chikutseguka mbali ina ya nyumba ndi mawu a amayi oyang'anira akufunsa wina pakhonde ngati waona aphunzitsi a masamu.

Analowa maso ali pansi. Sanayang'ane ku zenera mpaka atafika pa tebulo la kutsogolo.

"Ofesi yanu ili kutali, aphunzitsi," anatero amayi aja motsitsa mawu.

"Ili kutali, mayi."

Amayiwo anawayang'ana nthawi yaitali. Anavula magalasi n'kuwasiya alendewere pa chingwe. "Palibe amene wakweza dzanja tsopano. Khalani pansi, mukuoneka ngati mugwa."

Apo ndi pamene anayang'ana. Tsamba linali litatembenuzidwa. Chiswe ankalemba mothamanga kuposa mmene anamuonerapo, pensulo ikuchita kulira pa pepala, misozi ikutsika iye osaipukuta. Anamaliza funso, anatembenuza, anayamba lina. Sanakweze maso ngakhale kamodzi. A Khomo anakhala pa mpando, mulu wa mapepala uli pamiyendo, maso akuthamanga pakati pa wotchi ndi dzanja la mwanayo. Nthawi yotsala inali yochepa, mafunso anali ambiri. Ankawerenga masamba amene ankatembenuzidwa, milomo ikugwedera ngati munthu wopemphera.

"Siyani kulemba. Mapensulo pansi."

Chiswe anaika pensulo pansi pamodzi ndi anzake. Mapepala anasonkhanitsidwa, a mafunso ndi oyeserera omwe, n'kulowa mu envulopu. A Khomo analemba lipoti la funso lachiwiri, amayi aja anasaina pansi pake, n'kunyamula katundu wawo kupita ku ofesi ya ahedi. Ana anatuluka mwaphokoso. Mnyamata wogona uja anaima pakhomo.

"Zikomo chifukwa cha mapepala aja, aphunzitsi, ngakhale sindinawadetse," anatero akuseka. "Koma funso lachiwiri lija ndinangolipatsa moni n'kudutsa. Musandikalipire."

"Pita kwanu," anatero a Khomo. "Wachita bwino."

Mnyamatayo anawayang'ana ngati adwala, n'kuthawa asanasinthe maganizo.

M'chipinda munatsala anthu awiri. Chiswe anali akadali pa desiki yake, manja ali pamiyendo. A Khomo anapita n'kuima patsogolo pake, atakumbatirabe mulu uja. Anali atakonzeka kumva chilichonse: kuti ndinu oipa, kuti munandisiya, kuti mwandiwonongera moyo. Mtsikanayo anaimirira mwaulemu, maso ali pansi.

"Aphunzitsi, pepani," anatero. "Ndasiya funso."

A Khomo anagwira m'mphepete mwa desiki.

"Ndinayesetsa. Ndinagogoda mpaka pa 103, koma pepala linandithera. Ndinadikira, ndiye nditaona kuti simukubwera ndinachita mantha n'kulisiya. Sindinachitepo zimenezi. Mundikhululukire."

"Nanga enawo?" anafunsa a Khomo. "Mafunso enawo?"

"Ndayankha onse. Lomaliza ndalithamangira, koma ndafika pa yankho."

A Khomo anakhala pa desiki yoyandikana, pa kampando ka ana, miyendo itapindika.

"Tamvera. Nambala ija ilibe khomo. Siphwanyika. Alakwitsa potaipa, ankafuna yothera ndi 2. Funsolo alichotsa pochonga."

Mtsikanayo anakweza maso koyamba. "Koma inu munati..."

"Ndinati. Manambala amene ndinkakupatsani ndinkasankha ndekha. Iyi sindinasankhe ine."

Chiswe anayang'ana mulu wa mapepala umene unali m'manja mwa aphunzitsi ake, wonyowa m'mphepete. Anayang'ana madesiki a kutali ndi zenera. Mwana wa masamu sachedwa kuphatikiza.

"Munaliona dzanja langa?"

"Ndinaliona."

"Nthawi yonse ija?"

"Nthawi yonse. Ndinali kuseri kwa thanki."

Mwanayo anasisita phewa lake la kumanja, limene linali likuwawabe. A Khomo sanapepese ndipo sanadziteteze, anangodikira. Panja ana ankakuwa, ena akufunsana mayankho, ndipo patali pang'ono mayi wina ankafunsa aliyense wotuluka pa geti ngati waona mwana wake.

"Mukudziwa bwanji kuti ilibe khomo?" anafunsa Chiswe pomaliza. "Munaigawapo?"

"Ayi. Ndinawerenga m'buku, kalekale."

"Ndiye simunagogode."

"Sindinagogode."

"Malire ake ndi pati?"

"Pa 359. Ukafika pamenepo osapeza, ndiye kuti palibe."

Mtsikanayo anakhala pansi. Anapukuta nkhope ndi mkono wa yunifolomu, anasankha pensulo imene inali ikadali yosongoka, n'kuyang'ana kutsogolo kumene kunalibe munthu. Kenako anakweza dzanja, lomwe lija, n'kulisiya m'mwamba.

A Khomo anaimirira, anatenga pepala limodzi pa mulu, n'kuliika pa desiki yake ndi manja awiri. Anatenga lina n'kubwerera pa kampando kaja.

"Ndibwereke pensulo," anatero. "Iwe yambira pa 107 uzikwera. Ine ndiyambira pa 359 ndizitsika. Tichite changu, mayi ako akudikira pa geti."